Chinsinsi cha Mnzathu: Tichisunge Kufikira Pati?

Aliyense amene adayendapo pa msewu wa M5 m'boma la Nkhata Bay, kuchokera ku Chintheche kulowera ku Mzuzu, amalidziwa dambo la Limphasa. M'nyengo yokolola timaona matumba a mpunga ataunjikidwa kudikira ogula, ndipo si kawirikawiri pamene timadzifunsa kumene ndalama za matumbawo zimapita. Zina zimagula feteleza, zina malata. Koma zina, ndipo si zochepa, zimakwera phiri kunka ku Mzuzu, kapena kulowera kumwera ku Lilongwe, ku Zomba, ku Blantyre ndi ku Thyolo, kukalipirira mwana amene adasankhidwa kupita ku yunivesite. Ludzu la maphunziro anthu a dera lino sadaliyambe dzulo. Amishoni a Livingstonia atasamuka ku Cape Maclear mu 1881 adadzakhazikika pa Bandawe, ndipo m'dera lomweli mudatuluka anthu monga Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira, amene mu 1919 adayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town. Kutumiza mwana kutali kuti akaphunzire ndi mwambo wakale kuno. Chimene sitidachizolowere ndicho kufunsa kuti mwanayo akafika kumeneko, zinthu zikamuthina, amauza yani.

Tiyerekeze mnyamata wa pa Limphasa, woyamba m'banja lake kufika ku yunivesite. Tsiku lonyamuka amayi ake amulongedzera ufa wa kondowole, usipa wouma ndi mpunga wa m'munda mwawo. Abale amuperekeza mpaka pamsewu, ndipo ena ayamba kale kumutchula kuti adokotala asanaponde n'komwe m'kalasi. Ulemu umenewu ndi wokoma, koma ndi katundunso. Pofika kusukulu apeza kuti zipinda zogona n'zosakwanira, ndipo ayenera kuchita lendi kunja, monga amachitira ambiri ku Luwinga mu Mzuzu kapena ku Chikanda mu Zomba. Bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'sukulu zaukachenjede, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, limathandiza ambiri, koma silifikira onse opempha. Pamene ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya lendi, makala, ndiwo ndi mapepala idakwera, koma munda wa mpunga kumudzi sudakule. Tsono mnyamata wathu aphunzira kudya kamodzi pa tsiku. Mnzake wina amuonetsa kubetcha mpira pa foni; apambana kamodzi, aluza kasanu; apita kwa wakatapila; ndalama ya fizi imene amayi adatumiza ilowa komweko. Mayeso afika mutu uli kwina. Zotsatira zitatuluka, dzina lake lili pakati pa ochotsedwa sukulu, amene ophunzira eni ake amati awidedwa.

Nkhani ya mtsikana ikhoza kuyenda njira ina: mimba yosayembekezeka, chibwenzi chomenya, mphunzitsi wofuna thupi lake posinthana ndi malikisi, kapena zotsatira za kuyezetsa magazi zimene sakudziwa kuti azitule pati. Ena alibe chimene angachiloze ndi chala. Angopezeka kuti tulo tathawa, chakudya sichikoma, ndipo kudzuka m'mawa kwasanduka ntchito yolemetsa. M'mayunivesite athu muli ofesi ya mkulu woona za umoyo wa ophunzira, muli zipatala zazing'ono, kwina muli alangizi ndi abusa. Komabe woyamba kumva nthawi zambiri sakhala mmodzi wa amenewa. Amakhala mnzake wogona naye chipinda chimodzi, usiku magetsi atazima, ndipo nkhani imayamba ndi mawu amodzimodzi: "Achimwene, pali chimene ndikufuna ndikuuzeni, koma musauze munthu."

Tisafulumire kudzudzula mantha amenewa, pakuti ali ndi mizu. Makolo ndi agogo a ophunzira a lero adakula m'nthawi imene mawu olankhulidwa pa chakudya ankatha kufika kupolisi dzuwa lisanalowe. Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, adamangidwa mu Seputembala 1987 nakhala m'ndende ya Mikuyu mpaka Meyi 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Ophunzira a masiku amenewo adazolowera kuyang'ana kumbuyo asanatsegule pakamwa, ndipo chizolowezi chotere sichitha ndi referendamu imodzi. Lamulo la milandu limene tidalandira kwa atsamunda lidaika kuyesa kudzipha m'gulu la milandu, kotero kuti munthu wofunika dokotala ankatha kuyamba waonana ndi wapolisi. Palinso chiphunzitso chathu chakale chakuti mwamuna salira. Tikaphatikiza zonsezi ndi manyazi a kukhumudwitsa mudzi wonse, sitidabwa kuti mwana asankha khutu la mnzake wa msinkhu wake, amene alibe faelo yolembamo ndipo alibe mphamvu yomuchotsa sukulu.

Funso lathu tsono ndi ili: amene wamva mawu aja akuti musauze munthu ali ndi mangawa anji kwa mnzakeyo, ndipo mangawawo athera pati?

Tiyambe ndi chimene chili chosavuta. Chinsinsi chili ngati ndalama yosungitsa. Munthu akatisungitsa ndalama popita pa ulendo, ndalamayo ili m'nyumba mwathu koma si yathu; sitingagule nayo mchere, ngakhale titakhala ndi mtima wodzabweza. Nkhani ya mnzathu ilinso chimodzimodzi: taimva, koma mwini wake ndi iye, ndipo ndiye ayenera kusankha woimva, nthawi yake ndi mawu ake. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalama yoonongedwa ikhoza kubwezedwa, pamene nkhani ikatuluka siibwerera. Makolo athu adazidziwa izi. Nkhoswe imene imatuluka m'nyumba ya banja lokangana n'kukafotokoza zonse pachitsime siitanidwanso. Namkungwi amasankhidwa chifukwa cha nzeru zake, komanso chifukwa cha pakamwa pake. M'Malemba timakumbukira ana a Nowa: mmodzi adaona manyazi a atate wake natuluka kukauza ena, awiri adatenga chofunda nayenda chambuyo kuti asaone n'komwe (Genesis 9:20-23). Timakumbukiranso Yosefe, amene poganiza kuti wachimwiridwa adafunabe njira yosamuyalutsa Mariya pagulu, ndipo mlembi akuchiika chimenechi pamodzi ndi kulungama kwake (Mateyu 1:19).

Tinene zoona: ife anthu opemphera tili ndi njira yathuyathu yoululira zinsinsi, ndipo ndi yoopsa chifukwa imavala zovala zabwino. Timaimirira pa msonkhano wa mapemphero ndi kunena kuti, "Abale ndi alongo, tiyeni timukumbukire mlongo wathu wina wa chaka chachiwiri amene ali m'mayesero aakulu, dzina sinditchula." Dzina sitidatchuledi, koma pa gulu la anthu makumi atatu aliyense wamudziwa, ndipo pofika mawa nkhani yafika ku hositelo ya anyamata. Imeneyi ndi miseche, ngakhale itatsekedwa ndi Ameni. Masiku ano njira yake yafupika: uthenga umene mnzathu adatilembera pa WhatsApp pakati pa usiku tikhoza kuujambula ndi kuutumiza kwa anthu mazana awiri ndi chala chimodzi, ndipo tsiku lomwelo wina wa ku Chintheche akhala atauwerenga. Boma lidaona kulemera kwa zina mwa nkhanizi: lamulo la za HIV ndi Edzi la mu 2018 limaletsa kuulula za m'magazi a munthu wina popanda chilolezo chake, kupatula m'njira zochepa zimene lamulolo lidatchula. Koma lamulo silingalondere pakamwa pa aliyense. Ophunzira akangoona kamodzi kuti wina wayalutsidwa ndi amene adamukhulupirira, anthu khumi amene akadalankhula amatseka pakamwa, ndipo mwa khumiwo mukhoza kukhala amene adali pafupi ndi phompho.

Mwina wina afunsa kuti, kodi mwana wa zaka 20, wosaphunzira za uphungu, angathandize chiyani pongomvetsera? Mu 1953 wansembe wa Anglican, Chad Varah, adaika foni pa tchalitchi cha St Stephen Walbrook mu London kuti anthu ofuna kudzipha aziimbapo. Chidamukankha ndi maliro amene adatsogolera ali wachinyamata, a mtsikana amene adadzipha atatha msinkhu poganiza kuti wadwala nthenda yochititsa manyazi, alibe womufunsa. Anthu atayamba kubwera, Varah adaona chodabwitsa: anthu wamba odzipereka, amene ankangopereka tiyi ndi kukhala pansi ndi odikira pamzere, ankathandiza kwambiri moti ambiri ankabwerera kwawo osaonananso ndi wansembeyo. Umu ndi mmene lidabadwira bungwe la Samaritans. Mu 1970 pa yunivesite ya Essex ku England padayamba ntchito yotchedwa Nightline, yoti ophunzira azidikira usiku kumvetsera ophunzira anzawo, osafunsa dzina, osaweruza, osalamula chochita. Ndipo nzeruyo idafalikira m'mayunivesite ambiri a ku Britain ndi maiko ena.

Kufupi ndi kwathu kuno, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda adayambitsa mu 2006 ku Mbare, mu Harare, ntchito ya mabenchi oikidwa pabwalo la zipatala zazing'ono, pamene agogo aakazi ophunzitsidwa kwa masiku owerengeka amakhala ndi munthu wovutika mumtima. M'Chishona vutoli amalitchula kufungisisa, ndiko kuganiza mopitirira muyeso, chinthu chimene ifenso timachidziwa. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2016, wokhudza anthu 573, adapeza kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa amene adakhala pa benchi pafupifupi 14 mwa 100 alionse ndiwo adali akadali ndi zizindikiro za kukhumudwa kwakukulu, pamene mwa amene adalandira chithandizo cha masiku onse adali pafupifupi theka. Agogowo adalibe mankhwala m'manja. Adaphunzitsidwa kumvetsera, kuthandiza munthu kutchula mavuto ake limodzilimodzi, ndi kumulola asankhe yekha loyamba kulimbana nalo. Anzake a Yobu adachita bwino koposa m'masiku asanu ndi awiri amene adakhala naye pansi osanena kanthu (Yobu 2:13); zidaipa pamene adayamba kumufotokozera chifukwa chake akuvutika. Ife amene timadziwa mavesi ambiri tisamale pamenepa, pakuti vesi loponyedwa msanga likhoza kukhala njira yaulemu youzira munthu kuti akhale chete.

Kufikira pano njira ndi yosalala. Koma tiyerekeze kuti mnyamata uja, atafotokoza za katapila ndi za kuchotsedwa sukulu, awonjezera kuti: "Musavutike nane, achimwene, pofika Lachisanu zonse zikhala zitatha." Ndipo mnzakeyo akumbukira kuti dzulo lake adagawa mabuku ndi nsapato zake zabwino, ndi kuti pansi pa bedi pali chinthu chosayenera kukhala m'chipinda cha wophunzira. Kodi lonjezo lija likugwirabe?

Ife tikuti ayi, ndipo tione chifukwa chake bwinobwino, pakuti kuswa lonjezo si chinthu chaching'ono. Timasunga chinsinsi chifukwa timalemekeza mwini wake ndi kumufunira zabwino. Chinsinsi ndi mpanda wotchinga munda. Munda ukagwira moto, wothyola mpanda kuti alowe ndi madzi sadalakwire mwini munda. Amene asunga mawu a mnzake mpaka kukaimba nyimbo pa maliro ake wasunga mpanda, munda wapsa. Werengani Machitidwe 23:12-24. Mnyamata wina, mwana wa mlongo wake wa Paulo, adamva za chiwembu cha amuna oposa 40 amene adalumbira kusadya ndi kusamwa kufikira atamupha Paulo. N'zoona kuti iye sadalonjeze achiwembuwo kanthu. Chimene tikuphunzira kwa iye ndi kayendetsedwe ka nkhani yoopsa. Sadafuule pamsika. Adayamba wauza mwini nkhani, Paulo. Kenaka adatengedwa kwa munthu mmodzi amene adali ndi mphamvu yoletsa chiwembucho, kapitao wamkulu wa asilikali. Ndipo kapitaoyo, atamutengera pambali ndi kumumva, adamulamula kuti asauze wina aliyense. Nkhani idalowa m'makutu a anthu awiri okha, ndipo usiku womwewo Paulo adatulutsidwa mu Yerusalemu ali moyo.

Makhoti a dziko nawonso adalimbana ndi funso lomweli, ndipo mlandu wake wotchuka udachokera pa yunivesite. Mu 1969 wophunzira wa pa University of California ku Berkeley, Prosenjit Poddar, adauza mlangizi wa pachipatala cha sukuluyo kuti akufuna kupha mtsikana wina. Mlangiziyo adadziwitsa apolisi a pasukulupo, amene adamugwira kanthawi n'kumumasula. Mtsikanayo, Tatiana Tarasoff, ndi makolo ake sadachenjezedwe. Mu Okutobala chaka chomwecho Poddar adamupha. Mu 1976 khoti lalikulu la California lidagamula kuti mlangizi amene wadziwa kuti munthu wina ali pangozi yeniyeni ali ndi udindo womuteteza, ngakhale kutero kutafuna kuulula zimene adamva m'chipinda cha uphungu. Koma oweruza sadagwirizane onse, ndipo mfundo ya otsutsawo tisainyoze: anthu akadziwa kuti mawu awo akhoza kutuluka, ovutika kwambiri aja adzaleka kubwera, ndipo amene akadathandizidwa mwakachetechete adzasowa kopita. Mnyamata wa pa Limphasa akadadziwa kuti mnzake adzathamangira kwa akuluakulu, kodi akadalankhula?

Sitikuona yankho lochotseratu vuto limeneli; pali njira zolichepetsera chabe. Akale adati nkhanga zidapangana kusanapse. Magulu a ophunzira othandizana, kaya ndi a m'bungwe la ophunzira, a SCOM kapena a mpingo uliwonse, ayenera kunena poyera, nkhani isanayambe, kuti zonse zomvedwa zidzasungidwa kupatula pamene moyo uli pangozi. Ndipo mnzathu akafuna kuti tilumbire tisanamve, tikhoza kuyankha moona kuti: "Sindidzakuyalutsani, ndipo sindidzachita kanthu kumbali inu osadziwa, koma ndikaona kuti mufa, sindidzakhala chete." Amene watsegula pakamwa usiku uja, mbali ina ya mtima wake ikufuna kupulumutsidwa, ndipo mawu otere akulankhula ndi mbali imeneyo. Tikakayika, timufunse mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Ambiri timaopa kuti funsolo libzala maganizo amene padalibe, koma ofufuza za umoyo wa maganizo adapeza kuti kufunsa sikuonjezera ngozi, ndipo kawirikawiri kumapeputsa mtima wa wofunsidwayo. Akavomera, tisamusiye yekha. Tichotse chimene angadzipweteke nacho. Timuuze kuti tikuitana thandizo ndi kumulola asankhe woitanidwayo, kaya namwino wa pachipatala cha sukulu, mlangizi kapena mbusa. Ndipo tipite naye limodzi. Ku Mzuzu a St John of God akhala akusamalira odwala maganizo kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo ali ndi koleji yophunzitsa alangizi. Ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha boma cha matenda amenewa. Ndipo chipatala cha boma lililonse ndi khomo loyambira. Woitanidwayo auzidwe chokhacho chofunika kuti moyo upulumuke. Za katapila, za kubetcha, za mtsikana amene adamukana, zikadali za mwini wake.

Komatu nkhani zambiri sizifika pa imfa, ndipo ndi pakati apa pamene mtima umavutika koposa. Tibwerere kwa mnyamata wathu, ndipo tinene kuti zodzipha sakuziganiza. Wachotsedwa sukulu, koma sadabwerere kumudzi. Akukhalabe m'tauni, m'mawa amavala bwino ngati wopita m'kalasi, ndipo mwezi ndi mwezi amayi ake amagulitsa mpunga n'kutumiza ndalama ya sukulu imene kulibe. Mlongo wake wamng'ono wakhala panyumba teremu ino chifukwa ndalama zonse zikupita kwa achimwene a ku yunivesite. Mnzake amene akudziwa zonsezi ndi wa kumudzi komweko. Amayiwo amamudziwa, adamudyetsapo nsima. Palibe amene afe. Koma pali amene akuberedwa thukuta lawo tsiku ndi tsiku, ndipo iye akudziwa.

Ena a ife tidzati aimbe foni kwa amayiwo lero lomwe, pakuti kukhala chete ndiko kugwirizana ndi wakuba. Ena tidzati za m'banja la eni zisiyidwe kwa eni. Ife tikuona kuti mbali zonse ziwiri zikuthawa ntchito yovuta. Woimba foni wapeputsa chikumbumtima chake m'mphindi zisanu, koma walanda mnzake chinthu chimodzi chimene chidamutsalira, ndicho mwayi wopita yekha kukavomera kulakwa. Ndipo mwana woyalutsidwa mwadzidzidzi pamaso pa mudzi wonse akhoza kufika pa Lachisanu lija tidalitchula. Wokhala chete naye wangosankha mtendere wake. Njira imene Mateyu 18:15 akuilozera, yoyamba kukambirana awiri paokha, ndi yotopetsa chifukwa siitha ndi ulendo umodzi. Ifuna kubwerera kwa mnzathuyo mawa ndi mkuja, kumuuza mosabisa kuti chimene akuchita n'choipa ndi kuti sitidzamuthandiza kunama, kufufuza naye limodzi ngati malamulo a sukulu amalola apilo kapena kubwereza chaka, kumufunsa kuti mwa abale ake ndani ali ndi mtima wofatsa, kaya amalume kaya azakhali, amene angatsogole kukalambula njira kwa amayi monga ichitira nkhoswe, ndi kumuuza kuti, "Basi ya Lamlungu tikwera tonse, ndipo pokalankhula ine ndidzakhala pambali panu." Pakhalenso malire a nthawi, onenedwa kwa iye mwini, pakuti kudikira kopanda tsiku kumadya matumba ena a mpunga. Tsikulo likafika iye akukanabe, tikuganiza kuti mnzakeyo ali ndi ufulu wopita kwa amalume aja, atamuuziratu kuti akupita. Ena m'kalasi mwathu mwina sagwirizana nafe pamenepa, ndipo n'koyenera kuti amvedwe.

Nanga amayiwo akaimba okha foni n'kufunsa kuti, "Mwanawe, mnzako uja sukulu ikumuyendera?" Apa tisiyanitse kusunga chinsinsi ndi kunama. Lonjezo lija lidamanga pakamwa pathu kuti tisaulule. Silidatipatse chilolezo chonena bodza. Woyankha kuti zonse zili bwino waleka kukhala msungi, walowa nawo m'chinyengo. Akhoza kunena kuti, "Amayi, pali zimene mwana wanu ayenera kukuuzani yekha, ndipo ndikumulimbikitsa kuti abwere, m'thupi ali bwino, ndipo ndili naye pafupi." Tikudziwa kuti mayi wanzeru adzamva zambiri m'mawu amenewa, ndipo mnyamatayo mwina adzakwiya. Mkwiyo umenewo ndi wopepuka poyerekeza ndi tsiku limene amayiwo adzadziwe kuti ana awiri adawanamiza.

Nkhani ya mtsikana wovutitsidwa ndi mphunzitsi ili ndi mfundo yakeyake. Lamulo la mu 2013 loona za kusasiyanitsa pakati pa amuna ndi akazi limaletsa khalidwe lotere, ndipo mnzake amene wamva amapsa mtima n'kufuna kukanena msangamsanga, makamaka poganizira atsikana ena amene ali panjira yomweyo. Koma munthu amene walandidwa kale ulamuliro pa thupi lake asalandidwenso ulamuliro pa nkhani yake. Chimene mnzake angachite ndi kumukhulupirira, kumulangiza kuti asunge mauthenga ndi kulemba masiku a zochitikazo, kumufufuzira njira yodandaulira imene sukuluyo ili nayo, ndi kumuperekeza tsiku limene iye mwini adzakhale wokonzeka. Zikakhala za mwana wosakwana zaka 18, monga mng'ono wake wa ku sekondale, nkhani isintha: pamenepo akulu ayenera kudziwa, ndipo nambala yaulere ya 116, imene bungwe la YONECO limayendetsa, idaikidwira zimenezo.

Si mavuto onse amene amatha ndi khutu. Wanjala afuna nsima. Ndipo pa kupereka palinso chinsinsi choyenera kusungidwa. M'nyengo yokolola Boazi adauza anyamata ake kuti azisiya dala ngala zina kuti Rute atole, ndi kuti asamuchititse manyazi (Rute 2:15, 16). Mkazi uja adapita kwawo ndi barele wochuluka, mutu uli chiimire. Ife tikathandiza wophunzira wosauka timakonda kumuimika kutsogolo kwa mpingo, kutchula mudzi wake ndi kuchuluka kwa ngongole yake, kenaka kumujambula atanyamula thumba la ufa kuti chithunzi chiikidwe pa Facebook. Timati tikufuna kuti ndalama ziyende poyera, ndipo chifukwacho n'chabwino. Ndalama za gulu ziyenera kuwerengedwa. Koma kuwerengera ndalama sikufuna nkhope ya wolandira. Anthu awiri kapena atatu okhulupirika akhoza kudziwa maina, msungichuma n'kulengeza kuti zalowa zakuti ndipo zathandiza ophunzira angati. Njira ya Boazi ophunzira eni ake amaidziwa kuposa ife: amaphika nsima yaikulu dala, n'kuitana mnzawo amene akumudziwa kuti sadadye kuti, "Tabwerani mutithandize, taphika yambiri."

Tisaiwalenso wosenza zinsinsiyo. Iyenso ndi mwana wa munthu, ali ndi mayeso ake ndi njala yake. Amene amadziwika kuti ali ndi khutu labwino anzake amamupeza okha, ndipo pofika pakati pa semesita akhoza kukhala atasenza mimba ya uyu, ngongole ya uyo ndi misozi ya wachitatu, popanda potula. Mabungwe monga Samaritans salola wodzipereka kubwerera kwawo ndi katundu wa usiku wonse. Pamakhala wina m'gulumo womufotokozera zimene wamva, ndipo chinsinsi chimasungidwa m'kati mwa gululo. Ophunzira athu afunanso munthu wamkulu mmodzi wotere, amene angamufunse nzeru popanda kutchula dzina: "Pali wina amene wandiuza zakutizakuti; ndichite bwanji?" Kufunsa kotere si kuulula, malinga tibise zonse zimene zingamuloze mwini nkhani. Ndipo wothandiza ali ndi ufulu wonena kuti, "Izi zandikulira, tiyeni kwa odziwa."

Ambiri a ife amene tikuwerenga phunziroli sitili ku yunivesite. Ndife amayi ndi atate, amalume ndi azakhali, amene timagulitsa mpunga uja. Funso lotikhudza ndi lakuti n'chifukwa chiyani mwana wathu adaona kuti n'kwapafupi kunama kwa miyezi isanu ndi umodzi kusiyana ndi kutiuza kuti walephera. M'zaka zimene amuna a m'mphepete mwa nyanja muno ankapita kukagwira ntchito ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg, ena sadabwerere, ndipo tidawatcha matchona. Si onse amene adaiwala kwawo chifukwa cha zokoma za m'tauni. Ena zinthu zidawavuta, ndipo adaona kuti kukalambira kuchilendo n'kopepuka kusiyana ndi kutsika sitima pa doko la Nkhata Bay manja ali lende. Ana athu lero ali pa ulendo wa maola ochepa, foni ili m'thumba, koma manyazi omwewo akhoza kuwasandutsa matchona a ku Mzuzu.

Tchuthi chikafika adzatsika pamsewu ndi zikwama zawo. Pakhomo pa tchalitchi tidzawapatsa moni, ndipo pakamwa pathu padzabwera mafunso a masiku onse: mutsiriza liti, mwakhoza bwanji, ntchito mudzaipeza kuti. Pakati pawo padzakhala wina amene adakonzekera bodza lake ali m'basi, kuyambira pa depoti ya Mzuzu. Padzakhalanso wina woonda pang'ono, wosalankhula monga kale, amene mnzake sakumusiya patali. Mwina amalume ena adzamuitana kuti awaperekeze kumunda kukaona madzi m'ngalande, awiri okha, osafulumira, n'kuyamba kumusimbira za chaka chimene iwo eni adalephera.